Ikalira, Usatsegule

Amuna anga a Duane ali ndi nthenda imodzi: chinthu sangachione osachimasula. Ndiye Loweruka lija, atalowa m'khitchini atakumbatira katoni, akumwetulira ngati mwana wopatsidwa switi, ndinadziwiratu kuti mtendere watha.

"Alamu yatsopano," anatero. "Yopanda mawaya. Ndiika ndekha, khofi wakoyo asanazizire."

"Ngati mmene munakonzera mpope wa kubafa uja?"

"Mpope uja unali wowola kale."

"Unawola mutaugwira inu."

Anaseka, n'kuyamba kung'amba katoni ndi mpeni wanga wodulira buledi.

Tinasamukira m'nyumba ya amayi anga, a Aili, kuno kumpoto kwa Minnesota, chipale chofewa chitangoyamba kugwa. Mutu wawo unali utayamba kusokonekera. Magalasi ankawaika mufiriji. Ine ankanditchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira ndisanabadwe. Zimenezo ndinkangoseka nazo. Chimene chinkandisowetsa tulo n'chimodzi: kuti tsiku lina adzatsegula chitseko n'kutuluka ndi malaya ogonera okha. M'Januwale wa kuno, gogo akatuluka choncho sakhalitsa. Aliyense m'tauni muno akudziwa banja lina limene zinaligwera.

Alamu yakale anaika ndi bambo anga, a Arvo, ndi manja awo, ine ndidakali kupulaimale. Anali wa zamagetsi kumgodi wa chitsulo, ndipo kawirikawiri ankagwira usiku. Sankafuna kusiya mkazi ndi mwana popanda chowalondera. Mawaya anawadutsitsa m'makoma monse. Bokosi lake lachitsulo analikhoma m'chipinda chapansi, belu analipachika pamwamba pa firiji. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankawauza amayi mpaka kutopetsa: "Ikalira, usatsegule. Khala pansi, udikire ine."

Bambo anamwalirira pakhomo la pambali, lolowera kukhitchini, limene tonse timalowera. Anatuluka madzulo ena kukakokola chipale panjira ya galimoto. Mtima unawagwira. Makiyi awo anagwera m'chipale, ndipo khomolo lili ndi zitseko ziwiri, chagalasi kunja ndi china mkati chimene chimadzikhoma chokha ukachitseka. M'mawa a Rosella Zupan, aneba athu a kuseri kwa mpanda, anawapeza atakhala pansi, atatsamira chitseko chamkati, chagalasi chakunja chili chotsegula pamiyendo yawo. Tonse tinkati amayi anali m'tulo, sanamve kanthu. Makiyi aja sanapezeke, ngakhale chipale chitasungunuka. N'chifukwa chake sauna ya bambo, kanyumba kosambiramo nthunzi kuseri kwa nyumba, inangokhala yokhoma ndi loko wake. Panalibe wa mtima woithyola.

Tsono chaka chimenechi alamu ija inayamba misala. Madzulo alionse, mdima ukangoti wagwa, inkalira. Osati kukuwa kwa akuba kuja ayi, koma kulira kwake kochenjeza: tii, tii, tii. Kanyali kofiira kankaloza khomo la pambali. Ukapita kukaona, kunja kuli zii. Amayi akangoimva, kaya ali pasinki kaya ali pati, ankasiya zonse n'kukhala pampando wa pafupi ndi firiji, manja pamawondo, phee, mpaka itasiya. Dzina langa analiiwala, koma lamulo la bambo sanaliiwale.

Kunena zoona, inenso inali itanditopetsa. Tii, tii, tii, tsiku ndi tsiku, nthawi imene ukufuna kupatsa anthu chakudya. Choncho sindinawaletse a Duane. Ndinangowanyoza, monga mwa nthawi zonse.

Ali mkati mwa ntchito anandiitana.

"Marlys, tabwera udzaone zimene anachita apongozi angawa."

Anali atagwada pakhomo la pambali, kasikuludalaivala kali kukamwa.

"Kamaginito koliza belu anakaika pachitseko chagalasi chakunjachi, osati chamkati. Ndani amachita zimenezi? Mphepo ikangochigwedeza pang'ono, basi, belu. Mfiti yanu yonse ndi imeneyi."

"Bambo ankati wakuba umumve asanagwire chitseko chenichenicho."

"Malemuwo anali katswiri, sindikukana. Koma zamasiku anozi amaika pachamkati."

"Nanga mphepo yakeyo imabwera nthawi imodzimodzi tsiku lililonse? Ili ndi wotchi?"

"Dzuwa likalowa chitsulo chimazizira n'kudzikoka. Sayansi imeneyo, mayi."

"Sayansi ya kumalo omwera mowa."

Anadula mawaya, khape, khape. Amayi anali chilili pakhomo la chipinda chochezera, atagwira kansalu kopukutira mbale. Mkamwini wawo sankamuzindikiranso.

"Mnyamata iwe," anatero, "eni nyumba ino akudziwa zimene ukuchitazo?"

"Akudziwa, amayi."

"Sakonda anthu ogwira mawaya awo."

"Ndawauza kale, musadandaule."

Yatsopanoyo inali tinthu tiwiri tapulasitiki tomata pachitseko chamkati, basi. A Duane anaitchera kuti isamalire m'nyumba, poti ati phokoso limawasokoneza amayi. Chitseko chikatseguka, uthenga unkapita pafoni. Pafoni yawo.

"Nanga yanga?"

"Yako tilumikiza mawa."

Mawa la a Duane ndimalidziwa. Ndinakwatiwa nalo.

Bokosi lakale, belu ndi mawaya anaziunjika m'katoni, batire atalichotsa. Akutsika nazo kuchipinda chapansi, a Rosella analowa ndi buledi wotsekemera amene ankawaphikira amayi Loweruka lililonse. Anayang'ana katoni ija, n'kuyang'ana malo oyera pakhoma pamene panali belu.

"Mwaichotsa?"

"Yakalamba, a Rosella," anatero a Duane.

"Ifenso takalamba, koma sanatiike m'katoni." Anatembenukira kwa ine. "Mukanaisiya, mwanawe."

"Chifukwa?"

Anati ali ndi kanthu pamoto, n'kutuluka osamwa ndi khofi yemwe. A Rosella kukana khofi, zimenezo ndinali ndisanazionepo.

Madzulo oyamba m'nyumba munali zii. A Duane ankangozungulira m'khitchini, chifuwa patsogolo, kuti ndiwayamikire. Koma amayi sanakhazikike. Mdima utagwa anaimirira pakati pa khitchini, khutu atalitchera kufiriji.

"Bwanji siikulira?"

"Takonza, amayi. Khalani pansi mudye."

Sanakhale. Maso awo anachoka pafiriji n'kupita pachitseko. Supu wa nsomba, amene amamukonda koposa, anazizira m'mbale.

Mkati mwa sabata a Duane anachedwa kuntchito. Amayendetsa chigalimoto chokankha chipale m'misewu ya boma, ndiye nthawi yoweruka amalamula ndi mitambo. Ndinali pasinki, ndikusenda mbatata. Chitseko chagalasi ndinali nditachikola ndekha ndi kambedza kake ka mkati, poti nkhani ya mphepo ija ndinkafuna kuitsutsa.

Kunja kunali bata. Nthambi imodzi yomwe sinkagwedezeka.

Ndinamva kweee.

Chitseko chagalasi chili ndi kapampu kamene kamachibweza pang'onopang'ono, ndipo kakamatseguka kamalira choncho. Ndakula ndi kulira kumeneko. Ndinati ndi a Duane. Kenako ndinamva munthu akuguguda majombo pakhomo kuti chipale chiyoyoke. Phazi lamanja, lamanzere, lamanjanso. A Duane saguguda majombo. Amalowa nacho chipale mpaka pakapeti, ndipo timakangana chaka chilichonse.

Go. Go. Go.

Kugogoda kwake kunali kofooka, ndiponso kwa m'munsi. Osati pamene munthu woimirira amagogoda. Kunkamveka cha m'mawondo.

Tsitsi langa linachita nyaunyau. Ndinasiya mpeni m'sinki. Nditacheuka ndinaona amayi akuyenda kulowera kuchitseko, dzanja atalitambasula, nkhope ili ngwee ngati ya mtsikana.

"Amayi, ayi!"

Ndinawagwira mkono. Anali ndi mphamvu zimene sindinkazidziwa.

"Siinalire," anatero. "Ikapanda kulira, ndiye kuti ndi wa m'nyumba."

"Palibe munthu, amayi. Ndi mphepo."

Ndinawakhazika pampando, n'kuyatsa nyali ya panja. Ndinasuzumira pa kazenera ka chitseko. Panalibe munthu. Panalibe galimoto. Chitseko chagalasi chinali kubwerera chokha, pang'onopang'ono, fyuuu, mpaka chinati khethe. Kambedza kaja kanali lendelende.

A Duane atafika ndinawasimbira zonse. Anamvetsera akuvula majombo, kenako anatulutsa foni.

"Taona, palibe uthenga. Chamkati sichinatseguke. Makina sanama."

"Ndiye wonama ndine?"

"Sindinatero. Kambedzako nkakale, kamavuka kokha. Ndikonza Loweruka."

"Nanga kugogoda?"

"Nyumba zamatabwa zimalira kukazizira. Watopa, Marlys. Ukuwasamalira amayi usana ndi usiku, mutu ungalephere kumva zinthu?"

Ndinakwiya, koma mbali ina ndinafuna kuti akhale olondola. Ndinawauza kuti alumikize foni yanga pompo. Anayesa, koma inafuna nambala yachinsinsi imene anali ataiwala kale. Anati aikumbukira m'mawa. Ine ndinagula mpiringidzo wachitsulo n'kuukhoma ndekha pamwamba pa chitseko chamkati, pamene ndinkaganiza kuti amayi safikira.

Chimphepo chachikulu chinabwera Lachisanu. Pofika masana nyumba ya a Rosella sinkaonekanso, kunja kuli mbuu. A Duane anaitanidwa kuntchito asanamalize kudya.

"Usandidikire," anatero akuvala chijasi. "Foni ili m'thumba. Chitseko chikangosuntha, ndidziwa ine iwe usanadziwe."

Mdima unagwa. Ndinakhala m'khitchini dala, amayi ali pambali panga, ndikuwapesa tsitsi. Ndinadikira. Mphepo inkalira m'mawaya a magetsi, koma pakhomo panalibe chilichonse. Nthawi ija inadutsa. Tinadya. Amayi anadya bwino, mpaka kupempha buledi wina. Ndinawaveka malaya ogonera ndi masilipasi, n'kuwakhazika pa TV, bulangete lili m'miyendo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kaya chinali chiyani, lero chimphepo chachiletsa.

Kenako ndinaona kuti m'nyumba mukuzizira. Ng'anjo yotenthetsa nyumba inali itazima. Usiku ngati umenewo sungaisiye, mapaipi angaphulike ndipo inu eni mungaume. Ndinawayang'ana amayi. Anali akuwodzera. Ndinayang'ana mpiringidzo. Unali m'malo mwake. Ndinatenga tochi n'kutsika kuchipinda chapansi.

Ng'anjo ija inandivuta. Ndinagwada pasimenti, ndikuyatsa, ikuzima, ndikuyatsanso, ndikutukwana. Ndili choncho ndinkamva kanthu kumbuyo kwanga. Tsi. Tsi. Tsi. Kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wouma pakhosi akuyesa kuitana. Ndinati ndi mapaipi. Ng'anjo itagwira moto, ndinaunika kumene kunkachokera kaphokosoko. Kunali katoni ija.

Ndinaitsegula. Belu lakale linali pamwamba, mawaya ake odukaduka ali panja. Batire linali pashelefu, kutali. Ndinaika chikhatho pabelupo. Linkanjenjemera.

Nthawi yomweyo foni yanga inalira m'thumba. Ndinalumpha mpaka kugunda mutu papaipi.

"Marlys!" Anali a Duane, injini ikubangula kumbuyo. "Ndangoona tsopano, ndinali kumalo kopanda netiweki. Chitseko chapambali chinatseguka kalekale. Ndiwe?"

Masitepe aja sindikumbuka kuti ndinawakwera bwanji.

Bulangete linali pansi. TV inkalankhula yokha. M'khitchini chipale chinkalowa ngati ufa wouluzika, zitseko zonse ziwiri zili pululu. Mpando wa pafiriji uja unali pansi pa mpiringidzo. Majombo a amayi anali pomwe amakhala, chijasi chawo chili pamsomali.

"Duane, amayi atuluka! Iwe, atuluka opanda nsapato!"

Ndinathamangira panja ndi sweta yokha. "Amayi! Amayi inu!" Mphepo inkandibwezera mawu m'kamwa. Ndinaunika pansi. Pamasitepe, pamene khoma limatchinga mphepo, panali mapazi. Timapazi ta masilipasi, tating'ono. Ndipo pambali pake panali ena akuluakulu, a majombo, oyenda nawo limodzi, kufupi, monga amayendera munthu wogwira mnzake mkono. Nditatsika masitepe, onse anali atafufutika.

Usiku umenewo tauni yonse inadzuka. Apolisi anabwera, ozimitsa moto, anthu a kutchalitchi, anyamata a njinga za pachipale. A Duane anasiya msewu wa boma n'kubwera ndi chigalimoto chawo, nyali zake zikuzungulira. Tinafuna m'magalaja, pansi pa makhonde, m'ngalande, kumanda, mpaka kumpanda wa dzenje la mgodi wakale. Kusauna ndinapita ndekha, koyambirira penipeni. Loko anali wokhoma, ataundana. Ndinamukoka ndi manja onse awiri. Ndinaunika pazenera, mkati muli bii, mabenchi okhaokha.

Pamene kunkayandikira kucha, anthu anasiya kundiyang'ana m'maso. Wapolisi wina wamkazi anandipatsa khofi n'kundisisita paphewa. Ndinadziwa tanthauzo lake. Sankafunanso munthu wamoyo. Ndinalira, abale, ndinalira ngati mwana. A Duane anabwera kuti andigwire, ndinawakankha.

"Makina sanama, si choncho? Pitani mukawafunse makina anuwo kumene kuli mayi anga!"

Ndevu zawo zinali zoyera ndi chipale, ndipo ankaoneka wokalamba.

Mphepo inaleka m'bandakucha. Kumwamba kunayera. Ndinaima pakhomo la pambali, mutu uli wopanda kanthu. Ndi a Rosella amene anandigwira chigongono.

"Mwanawe, taona uko."

Pa chumuni cha sauna pankatuluka utsi. Wochepa, wowongoka.

Chipale chinali chofika m'chiuno, chosalala, chopanda phazi la munthu ngakhale la galu. Ndinachiswa ndi thupi. Loko uja anali wotsegula, atakolekedwa bwinobwino pa msomali wa pambali, pamene bambo ankamukoleka nthawi zonse. M'lokomo munali kiyi, ndipo kukiyiko kunkalendewera gulu lonse la makiyi, ndi kachitsulo ka mkuwa ka kumgodi kolembedwa dzina lawo. Analibe dzimbiri ndi pang'ono pomwe.

Nditatsegula, kutentha kunandimenya kumaso. Nkhuni zinali zikunyeka m'mbaula, miyala ili yotentha. Amayi anali atakhala pabenchi ya m'munsi, masilipasi atawaika pafupi ndi moto. Mapazi awo anali ofunda. Pambali pawo, pabenchi, panali ponyowa, malo okwana munthu mmodzi, ndipo pansi pake panali timadzi tiwiri togundizana.

Anandiyang'ana, maso ali owala.

"Marlys, mwana wanga. Watuluka bwanji opanda chipewa?"

Dzina langa. Anali asanalitchule chiyambire chilimwe. Ndinagwada n'kuika mutu pamiyendo yawo.

"Amayi, mwabwera bwanji kuno? Moto wayatsa ndani?"

"Bambo ako anazizidwa kwambiri," anatero, akundisisita tsitsi. "Ndawatsegulira. Sanakwiye, ukudziwa? Ine ndinkati akwiya." Anaseka pang'ono. "Akuti sakananditengera kutali, poti ndinalibe nsapato. Akuti ndizikhala wokonzeka."

Kuchipatala anawayeza paliponse. Sanapeze ngakhale chala chimodzi chopsa ndi chisanu. Dokotala anati ndi mwayi. Pobwerera kunyumba anali atayambanso kunditchula dzina la mchemwali wawo.

Madzulo ake a Rosella anabwera, amayi ali m'tulo. Anakhala patebulo, ndipo ulendo uno khofi analandira, koma sanamwe. A Duane anali chilili pasinki.

"Pali chimene sindinakuuze, mwanawe," anatero. "Ndinkati chikupweteka pachabe. Usiku umene anamwalira bambo ako, mayi ako sanali m'tulo."

Anakankhira kapu pambali n'kupitiriza.

"Belu lija ndinalimva ndili kwanga. Linalira nthawi yaitali. Ndinasuzumira pazenera. Khomo lanulo kwanga silioneka, mpanda umatchinga, koma khitchini imaoneka. Nyali inkayaka. A Aili anali pampando uwo, manja pamawondo. Ndinati ndi mphepo, n'kutseka katani. M'mawa, nditawapeza a Arvo, ndinagogoda pazenera. Mayi ako anali akadali pampando pomwepo. Anandiuza kuti, 'Kunabwera wakuba, anagogoda usiku wonse. Sindinatsegule. Ndikudikira a Arvo abwere kumgodi.'"

"Bambo anali atapuma ntchito kalekale," ndinatero.

"Eya. Mutu unali utayamba kale, ife osadziwa. Anachita zimene anauzidwa, basi. Pofika pamaliro anali ataiwala, ndiye ndinati Mulungu wawachitira chifundo, ine ndine yani kuti ndiwakumbutse." Anayang'ana malo oyera pakhoma paja. "Belu limene linatsekera a Arvo panja, ndi lomwelo linkasunga a Aili m'nyumba. Ine sindidziwa za magetsi. Ndimangodziwa zimenezo."

A Duane anatsika kuchipinda chapansi. Tinamva akukoka katoni.

Tsiku lotsatira lonse analumikiza mawaya amene anadula, limodzi limodzi, atagwada, osaimba mluzu, osandiitana kuti ndidzaone. Batire anagula latsopano. Belu analibwezera pamwamba pa firiji. Kamaginito anakabwezera pachitseko chagalasi, m'mabowo omwewo amene anaboola bambo. Tinthu tapulasitiki tija anatisiya pachamkati, ndipo foni yanga anailumikiza popanda ine kupempha. Ine sindinawanyoze. Nthabwala zinali zitandithera.

Anthu m'tauni muno amalankhula, monga mwa anthu. Ena amati amayi anatola makiyi aja kalekale n'kuwabisa, ndipo moto anayatsa okha, poti manja saiwala zimene mutu waiwala. A Duane nawonso amanena zomwezo, dzuwa likamawala. Ndikawafunsa za loko amene ndinamukoka ndi manja angawa, amati mwina ndinali wosokonezeka. Koma ntchito ya madzulo anasinthana ndi mnzawo. Ndipo aneba onse, ngakhale wobweretsa makalata, masiku ano amadzera khomo la kutsogolo.

Makiyi ndinawaika m'kabati ya kuchipinda kwanga. Sauna tinaikhomanso ndi loko wina.

Alamu imalira madzulo alionse. Tii, tii, tii. Amayi amasiya zonse n'kukhala pampando wawo, manja pamawondo. Lamulo likugwirabe ntchito. Koma pali chimene chinasintha. Dzuwa likangopendeka amayamba kufunafuna majombo awo. Ndikawabisa, amalira mpaka kubanika, ndiye ndinasiya kubisa. Amawavala okha, kumanga zingwe bwinobwino, chijasi n'kuchiika pamiyendo.

Ine ndimakoka mpando wina n'kukhala pambali pawo. Timamva kweee. Timamva majombo, lamanja, lamanzere, lamanjanso. Kenako kugogoda kuja, kwa m'munsi.

Ndi bambo anga amenewo. Ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga panjira yomweyo. Kunja kumazizira moti malovu amauma asanafike pansi, ndipo ine ndimakhala m'khitchini yofunda, ndikuwamva.

Dzulo amayi anatembenuka belu likulira. Maso aja anali owalanso, ngati tsiku la kusauna lija.

"Marlys," anatero chapansipansi, "lamulo lija anandipatsa ine. Iwe sanakupatse. Pita ukawatsegulire bambo ako, akuzizidwa."

Go. Go. Go.

Ndinagwira dzanja lawo, ndinalifinya mpaka anadandaula kuti ndikuwapweteka. Sindinadzuke.